MLB.TV ndi yabwino, koma Pittsburgh Pirates siyoyenera ndalama ya sizoni yonse

Munthu wa ku Mzuzu akalipira MLB.TV kuti azitsatira Pittsburgh Pirates amakhala wagula zinthu ziwiri ndi ndalama imodzi: njira yoonera baseball pa intaneti, ndi timu ya ku America imene azidzukira pakati pa usiku. Njirayo ilibe vuto lalikulu. Timuyo ndiye eni ake akhala akuiumira ndalama kwa zaka zambiri, mpaka masapota a ku Pittsburgh komweko afika pokuwa m'bwalo kuti mwini wake aigulitse. Choncho ife tikuti musalipire sizoni yonse. Lipirani mwezi umodzi kapena iwiri yosankhidwa bwino, ndipo mudziwe chimene mukulipiriracho.

Pali chifukwa chomveka chimene munthu wa kuno angakondere Pirates. Pa 26 Epulo 2017, Gift Ngoepe wa ku South Africa adavala yunifomu ya timuyi n'kukhala wosewera woyamba wobadwira pa nthaka ya Africa kusewera mu Major League Baseball (MLB), ligi yaikulu ya baseball ku America, ndipo pa mpata wake woyamba womenya adamenya mpira wa woponya Jon Lester wa Chicago Cubs n'kufika pa base yoyamba, malo oyamba mwa anayi amene womenya amazungulira kuti agoletse. Ndi timu ya Roberto Clemente, amene adamwalira pa ngozi ya ndege pa 31 Disembala 1972 akupititsa thandizo kwa anthu ovutika ndi chivomezi ku Nicaragua. Ndi timu yoti munthu angaikonde ndi mtima wonse, n'chifukwa chake mmene ikuyendetsedwera zimapweteka.

Nthawi, data ndi kalipiridwe

Sizoni imayamba kumapeto kwa Marichi n'kutha kumapeto kwa Seputembala, ndipo timu iliyonse imasewera magemu 162, theka lake pakhomo. Nthawi yonseyi Malawi amakhala patsogolo pa Pittsburgh ndi maola 6. Gemu ya madzulo imene ku PNC Park, bwalo la Pirates, yayamba 6:40 kuno imayamba 12:40 usiku, n'kutha cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Timu ikapita ku Los Angeles, San Diego kapena San Francisco, gemu imatha kuyamba cha m'ma 4 koloko m'mawa n'kugundana ndi nthawi yokonzekera ntchito. Zimene zimatikomera kuno ndi magemu a masana a kumeneko: a Lamlungu, amene nthawi zambiri amayamba 1:35 masana, kuno ndi 7:35 madzulo, ndipo gemu yomaliza ya mndandanda wa magemu otsatizana ndi timu imodzi ikagwa Lachitatu kapena Lachinayi kawirikawiri imaseweredwa 12:35 masana, kuno 6:35 madzulo. Pa sabata mumapeza gemu imodzi kapena ziwiri zoonera pa nthawi ya anthu. Otsalawo ndi a usiku, ndipo aliyense wodziwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi ku Luwinga kapena ku Chibavi akudziwa kuti kutuluka m'bulangeti nthawi ya 1 koloko kumafuna chifukwa chenicheni.

Chiyambire 2023, pamene ligi idaika wotchi yokakamiza woponya kuponya msanga, gemu imatenga pafupifupi maola awiri ndi mphindi 40. Apa ndi pamene muwerengere data yanu. Kanema akamayenda pa 3 Mbps kwa nthawi imeneyi amadya 3.6 GB. Akamayenda pa 1 Mbps amadya 1.2 GB, koma pamenepo mpira, umene ndi waung'ono ndipo umathamanga kupitirira makilomita 150 pa ola, umayamba kusowa m'maso, ndiye simusiyanitsanso fastball ndi slider, mitundu iwiri ya kaponyedwe ka mpira. Pa mwezi pamakhala magemu 26 kapena 27. Kuwaonera onse pa chithunzi chowala ndi data yopitirira 90 GB, ndipo ndalama ya data yoteroyo mukaiwerengera ku Airtel kapena ku TNM mupeza kuti ndi nkhani yaikulu payokha, kupatula ya MLB.TV. Pulogalamuyi imadzisinthira yokha kuwala kwa chithunzi malinga ndi mphamvu ya netiweki, ndiye usiku netiweki ikamasuka imakwera pamwamba n'kumameza bandulo mwachangu inu mukusangalala kuti lero zikuoneka bwino. Ikani malire a data pa foni gemu isanayambe. Dziwaninso kuti pakati pa ma inning, zigawo 9 za gemu, pamakhala kupuma kwa mphindi ziwiri ndi pang'ono, kopitirira ka 15 pa gemu imodzi, ndipo data imapitabe pamene pa sikirini palibe masewero.

Kulipira kwake n'kwa khadi ya Visa kapena Mastercard. Mu 2025 mtengo wa ku America unali $149.99 pa sizoni ndi $29.99 pa mwezi, umene pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho wa pafupifupi K1,750 pa dola unali K262,000 ndi K52,000. Mtengo weniweni ndi umene muuone pa tsamba lolipirira, popeza umasintha, ndipo wa sizoni umatsika sizoni ikafika pakati. Khadi ikakanidwa, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa zitatu: sidatsegulidwe kuti izigula kunja pa intaneti, malire a ndalama zakunja amene banki idaika ndi ochepa kuposa mtengowo, kapena adiresi imene mwalemba siyofanana ndi imene banki ili nayo. Poti ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno, funsani ku banki za malirewo musanayese. Chinthu chimene chimalanga anthu ambiri n'chakuti kulembetsaku kumadzipitiriza kokha: wa mwezi amadulidwanso mwezi wotsatira, wa sizoni amadulidwanso sizoni ina isanayambe. Mukangolipira, lowani mu akaunti n'kuzimitsa zimenezi tsiku lomwelo.

Zimene MLB.TV imachita bwino ndi zambiri ndithu. Mumasankha olengeza a timu ya pakhomo kapena a alendo, ndiye mukhoza kumamvera Greg Brown ndi Joe Block a ku Pittsburgh ngakhale gemu ili ku Milwaukee. Mukhoza kuzimitsa kanema n'kutsala ndi mawu a wayilesi okha, amene pa gemu yonse sadya ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a data ya kanema, ndipo magetsi akazima ndiwo amasunga batire mpaka inning ya 9. Magemu otha amasungidwa, mumatha kudumpha kuchoka pa inning ina kupita pa ina, ndipo pali kanema wofupikitsidwa wa gemu yonse wa mphindi zosapitirira 20. Kwa munthu wa kuno, batani lofunika kuposa onse ndi lobisa zotsatira. Liyatseni, muzimitsenso mauthenga a pulogalamuyi, chifukwa uthenga wa run, chigoli cha mu baseball, umafika kanema asanaionetse, ndipo m'mawa foni idzakuuzani mmene gemu yathera musanaione. Zokhumudwitsa ndi ziwiri. Magemu ena a Lachisanu mu 2025 anali a Apple TV+ okha ndipo sankaoneka pompopompo pa MLB.TV. China ndi mvula: baseball imaima mvula ikagwa, ndipo mu Epulo ku Pittsburgh kumazizira ndi kugwa mvula, ndiye mutha kudzuka 12:30 usiku n'kupeza bwalo lafundidwa lona. Yang'anani za nyengo ya kumeneko musanagone.

Katundu weniweni ndi timuyo

Kuti mumvetse mkwiyo wa masapota a Pirates, yambani ndi chinthu chimene otsatira Super League kapena Premier League sachiyembekezera: mu MLB mulibe kutuluka mu ligi. Timu ikhoza kuthera pansi zaka zisanu zotsatizana, chaka chachisanu ndi chimodzi ili pomwepo, ikulandira gawo lake la ndalama za wayilesi ya kanema za dziko lonse. Mulibenso malire a pamwamba a malipiro a osewera, ndipo chofunika kwambiri, mulibe malire a pansi. Pali msonkho wokha wa matimu owononga ndalama zambiri, umene mu 2025 unkayambira pa $241 miliyoni. Pamwamba pa apo pali dongosolo logawana ndalama: matimu onse amasonkha gawo la zimene apeza m'mizinda yawo n'kugawana mofanana, kotero kuti timu ya mzinda waung'ono ngati Pittsburgh imalandira zambiri kuposa zimene yasonkha. Cholinga chake n'chakuti ndalamayo ilimbitse timu pabwalo. Koma mwini timu amene wasankha kusunga ndalamayo sakumana ndi chilango chimene mwini timu ya mpira wa miyendo amachiopa. Mu Febuluwale 2018 bungwe la osewera, MLBPA, lidakadandaula mwalamulo kuti matimu anayi sakugwiritsa ntchito ndalamayi moyenera: Miami Marlins, Oakland Athletics, Tampa Bay Rays ndi Pittsburgh Pirates.

Bob Nutting, wa banja la eni kampani ya nyuzipepala ya Ogden Newspapers ya ku West Virginia, adatenga ulamuliro wa Pirates mu 2007. Adaipeza timu ili mkati mwa mbiri yochititsa manyazi ya masizoni 20 otsatizana, 1993 mpaka 2012, ogonja magemu ambiri kuposa opambana. Tisamunamizire: pansi pa iye timu idadzukapo. Mu 2013, 2014 ndi 2015 idafika mu playoffs, ndime yochotsana ya kumapeto kwa sizoni, ndipo mu 2015 idapambana magemu 98. Apa ndi pamene mlandu wake ukuyambira. Timu ya magemu 98 yokhala ndi Andrew McCutchen, Gerrit Cole ndi Starling Marte inkafunika kuwonjezeredwa osewera awiri kapena atatu odula. Sizidachitike. Kuchokera 2016 mpaka 2025 Pirates sidabwererenso mu playoffs, ndipo World Series, fainolo ya ligiyi, idaitenga komaliza mu 1979.

Onani mmene kugula kwake kumayendera. Pofika kumapeto kwa sizoni ya 2025, kontrakiti yaikulu koposa imene Pirates idapatsapo wosewera womasuka, amene timu iliyonse ikanatha kumutenga, inali ya Francisco Liriano: zaka 3, $39 miliyoni, mu Disembala 2014. Yerekezani ndi $700 miliyoni ya Shohei Ohtani ku Los Angeles Dodgers kapena $765 miliyoni ya Juan Soto ku New York Mets. Palibe sapota wanzeru amene akuti Pittsburgh ikadapikisana pa mayina amenewo. Chimene chimawawa n'chakuti kuchokera pa Ivan Nova mu Disembala 2016 mpaka kutha kwa sizoni ya 2025, timu sidapatse wosewera womasuka ndi mmodzi yemwe kontrakiti yopitirira chaka chimodzi. Zonse zinali za chaka chimodzichimodzi: Aroldis Chapman mu 2024 pa $10.5 miliyoni, Tommy Pham mu 2025, McCutchen atabwerera mu 2023 atakula, pa $5 miliyoni chaka chilichonse. Kontrakiti ya chaka chimodzi ili ndi ntchito yake, koma ukamanga timu ndi zoterozi zokhazokha umangotenga amene matimu ena awasiya: okalamba, ochira kuvulala, kapena ofuna kudzionetsa kuti chaka chamawa akapeze kwabwino. Akasewera bwino amasinthanitsidwa mu Julayi. Akasewera moipa mpata wawo watayika. Njira zonse ziwiri sizisiya kanthu kolimba m'timu.

Malipiro onse a osewera a Pirates mu 2025 sadafike $100 miliyoni, pamene a Dodgers ndi a Mets adapitirira $300 miliyoni, chikhalirecho magazini ya Forbes imaika mtengo wa timuyi pamwamba pa $1 biliyoni ndipo bwalo la PNC Park, limene lidatsegulidwa mu 2001, lidamangidwa kwakukulu ndi ndalama za boma.

Mbali imene masapota atsopano samvetsa msanga ndi ya zaka za utumiki. Wosewera akalowa mu MLB, timu yake imakhala naye zaka 6 asanamasuke. Zaka zitatu zoyambirira amalandira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa a ligi, amene mu 2025 anali $760,000. Zaka zitatu zotsatirazo malipiro ake amakwera chaka ndi chaka kudzera m'dongosolo loti akalephera kugwirizana ndi timu, oweruza apadera amasankha pakati pa mtengo wa wosewera ndi wa timu. Zikatha zaka 6 amapita kumsika. Timu youmira imaliwerenga dongosololi motere: msungeni ali wotchipa, msinthanitseni akayamba kudula, tengani anyamata ena otchipa, yambiraninso. Zili ngati woweta nkhuku amene amagulitsa msoti uliwonse ukangoyamba kuikira n'kukagula anapiye, chaka ndi chaka n'kumauza apabanja kuti mazira ali m'njira.

Tsatirani mzere umodzi wokha muone. Mu Januwale 2018 Pirates idapereka Gerrit Cole ku Houston Astros atatsala ndi zaka ziwiri asanamasuke, n'kulandira osewera anayi, wabwino koposa ali Joe Musgrove. Cole adakhala mmodzi wa oponya oopsa mu ligi yonse, adasaina $324 miliyoni ku New York Yankees, ndipo mu 2023 adatenga mphoto ya Cy Young, ya woponya wabwino koposa. Musgrove atayamba kukhwima, mu Januwale 2021 adapititsidwa ku San Diego Padres, kumene mu Epulo chaka chomwecho adaponya gemu yonse popanda womenya ndi mmodzi yemwe kupeza hit, kumenya kofikitsa munthu pa base. Mwa amene adabwera m'malo mwake munali David Bednar, mwana wa m'dera la Pittsburgh lomwelo, amene adadzakhala woponya wotseka magemu wokondedwa ndi masapota. Mu Julayi 2025 Bednar naye adapita ku Yankees posinthana ndi anyamata a m'maligi aang'ono. Zaka zisanu ndi ziwiri, masinthano atatu, ndipo kumapeto kwake sapota ali m'manja ndi lonjezo lomwe lija.

Nthawi ina imene timu idayesa kugula m'malo mogulitsa idalakwitsa koposa. Mu Julayi 2018 idatenga Chris Archer ku Tampa Bay n'kupereka Tyler Glasnow, Austin Meadows ndi Shane Baz. Archer sadabwezepo kanthu koyenera mtengowo, adavulala, ndipo mu 2021 adabwerera ku Tampa Bay komweko. Meadows adasankhidwa mu All-Star, gemu ya akatswiri a ligi yonse, mu 2019. Glasnow, amene ku Pittsburgh ankalephera kuponya molunjika, adasanduka woponya wapamwamba atangochoka. Izi zikuonetsa vuto lachiwiri limene silikhudza chikwama cha Nutting mwachindunji: osewera akhala akuchita bwino akachoka ku Pittsburgh kuposa ali komweko. Timu yosagula imayenera kukhala katswiri wophunzitsa. Ikalephera zonse ziwiri, palibe pothawira.

Kumapeto kwa 2019 kudabwera Ben Cherington kukhala woyang'anira zogula ndi kusankha osewera, ndi Derek Shelton kukhala mphunzitsi. Adagwetsa timu yonse kuti amange yatsopano. Mu 2021 idagonja magemu 101, mu 2022 magemu 100. Masapota adapirira chifukwa kugonja koteroko kumapereka mwayi wosankha koyambirira achinyamata pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhirapo osewera atsopano. Mu 2023 ndi 2024 timu idapambana 76 n'kugonja 86 zaka zonse ziwiri. Mu 2025, chaka chachisanu ndi chimodzi cha ntchito yomangayo, idabwerera m'mbuyo: 71 kwa 91. Shelton adachotsedwa mu Meyi timu itapambana 12 n'kugonja 26, m'malo mwake n'kulowa Don Kelly. Cherington ndi Nutting adatsala m'mipando yawo.

Tsono pali Paul Skenes, amene ndiye chifukwa chokhacho champhamvu cholipirira MLB.TV chifukwa cha Pirates, ndiponso umboni waukulu wotsutsa eni timu. Adasankhidwa woyamba pa draft ya 2023 kuchokera ku Louisiana State University, adayamba kusewera mu MLB pa 11 Meyi 2024, ndipo chaka chimenecho adatenga mphoto ya wosewera watsopano wabwino koposa mu National League, limodzi la magawo awiri a MLB, ndi ERA ya 1.96. ERA ndi avareji ya ma run amene woponya amalola pa ma inning 9, ndipo yotsika pansi pa 3 ndi ya akatswiri kale. Mu 2025 adabwereza ndi 1.97 pa magemu 32 amene adayambitsa, adatulutsa omenya 216 ndi ma strike (mipira imene adalephera kuimenya bwino), ndipo adatenga Cy Young ndi mavoti onse. Koma mbiri yake ya kupambana ndi kugonja inali 10 kwa 10. Woponya wolola ma run osakwana awiri pa gemu amagonja ka 10 pokhapokha anzake omenya akamalephera kumupatsa ngakhale atatu. Ndi zimene zidachitika: Pirates ya 2025 idagoletsa ma run 583 ndi ma home run (mipira yomenyedwa kudumpha mpanda wa bwalo) 117, zonse ziwiri zochepetsetsa mu matimu onse 30.

Apa ndi pamene kuumirako kumafika poti sikungakhululukidwe. Skenes mu 2025 kontrakiti yake sinkafika $1 miliyoni. Woponya wa msinkhu wake kumsika amadya $30 miliyoni kapena kuposa pa chaka. Kusiyana kumeneko ndi mphatso imene dongosolo la ligi limapatsa timu kwa zaka zochepa, ndipo timu yofuna kupambana imatenga ndalama yopulumukayo n'kugulira omenya awiri odalirika. Pirates idalowa sizoni ya 2025 itawonjezera Spencer Horwitz, amene adayamba sizoni akuchira opaleshoni ya dzanja, ndi akuluakulu a chaka chimodzi aja. Chikhalirecho chiyambire 2022 matimu 12 amalowa mu playoffs, ndipo mu 2025 Cincinnati Reds, ya m'gulu limodzi ndi Pirates, idalowa ndi magemu 83 okha. Kusiyana kwa 71 ndi 83 ndi magemu 12 pa 162. Kwa timu yokhala ndi oponya abwino chotere, Skenes, Mitch Keller, ndi Bubba Chandler amene adakwera mu Ogasiti, mtunda umenewo ndi wogulika. Skenes adzamasuka ikatha sizoni ya 2029, ndipo malipiro ake ayamba kukwera ikatha ya 2026. Aliyense amene adaona za Cole akudziwa chimene masapota akuopa.

Otchinjiriza eni timu amati Pittsburgh ndi msika waung'ono, ndipo n'zoona. Amatinso timu idasunga ena mwa ake: Ke'Bryan Hayes adapatsidwa zaka 8 pa $70 miliyoni mu 2022, Bryan Reynolds zaka 8 pa $106.75 miliyoni mu 2023, Keller zaka 5 pa $77 miliyoni mu 2024. N'zoonanso, ngakhale Hayes adapititsidwa ku Cincinnati mu Julayi 2025 kontrakiti ili pakati. Koma yankho la nkhani ya msika waung'ono lili m'gulu lawo lomwe. Milwaukee Brewers ndi ya msika wosaposa wa Pittsburgh, nayo imataya akatswiri ake akadula, koma mu 2025 idapambana magemu 97, kuposa timu ina iliyonse mu MLB. Imasankha bwino, imaphunzitsa bwino, ndipo mpata ukaoneka imawonjezera. Ndiye kuchepa kwa mzinda kumafotokoza chifukwa chimene Pirates singakhalire Dodgers, koma sikufotokoza chifukwa chimene yalepherera kukhala Brewers.

Palinso zing'onozing'ono zimene zathetsa chikhulupiriro. Mu Seputembala 2024 timu idachotsa Rowdy Tellez atatsala ndi mipata inayi yokha yomenya kuti akwanitse 425 n'kulandira bonasi ya $200,000. Akuluakulu adakana kuti bonasiyo ndiyo idachititsa, koma ndi ochepa amene adakhulupirira. Mu Epulo 2025 chizindikiro cholemekeza Clemente pa khoma la kumanja kwa bwalo, khoma limene kutalika kwake ndi mafiti 21 potsata nambala yake, chidachotsedwa n'kuikapo malonda a chakumwa, ndipo chidabwezedwa banja lake ndi masapota atakwiya. Mwezi womwewo kudamveka kuti njerwa zolembedwa mayina, zimene masapota adagula ndi ndalama zawo kuti ziyalidwe kunja kwa bwalo, zachotsedwa n'kukapezeka kotayira zinthu. Pa gemu yoyamba ya pakhomo ya 2025 ndege idazungulira bwalo ikukoka nsalu yopempha Nutting kuti agulitse timu. Otsatira Manchester United amene akhala akudandaula za banja la Glazer aumva mkwiyo umenewu, kungoti a Glazer amadzudzulidwa pa ngongole ndi kugula mosalongosoka, pamene Nutting amadzudzulidwa chifukwa chosagula n'komwe.

Ndiye mugule chiyani?

Ngati chimene mukufuna ndi baseball yonse, MLB.TV ya sizoni ndi yoyenera mtengo wake, chifukwa ndalama yomweyo imakupatsani matimu onse 30, ndipo Lamlungu madzulo mumakhala ndi magemu ambiri osankhapo pa nthawi yabwino. Wokhala ndi intaneti yopanda malire kunyumba kapena kuntchito apindula nayo kwambiri.

Ngati mtima wanu uli pa Pirates yokha, werengani motere. Timu imakhala ndi oponya oyambitsa asanu osinthana, ndiye Skenes amaoneka kamodzi pa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa mwezi. Pulogalamu ya MLB imaonetsa kwaulere amene akuyembekezeka kuyambitsa masiku angapo gemu isanafike. Magemu amenewo onerani pompopompo, ndipo dziwani kuti woyambitsa amatulutsidwa akayandikira mipira 100, nthawi zambiri mu inning ya 6 kapena ya 7, ndiye gawo lokoma la gemu ya 12:40 limakhala litatha isanakwane 3 koloko. Onjezerani a Lamlungu madzulo. Otsalawo kanema wofupikitsidwa wa m'mawa akukwanirani, kapenanso zidule zaulere zimene MLB imaika pa YouTube. Mukatero data ya mwezi imatsika kuchoka pa 90 GB kufika pa 30 kapena 35 GB. Amene sanaionepo n'komwe ayambe ndi gemu yaulere imene MLB.TV imapereka masiku ambiri kwa aliyense wotsegula akaunti, ayesere netiweki ya kwawo, kaya ndi ku Katoto, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, pa ola lenileni limene azionera.

Miyezi yoyenera kulipira ndi Meyi ndi Juni. Epulo ali ndi mvula ndi kuzizira kumene kumaimitsa magemu, ndipo pofika Meyi mumakhala mwaona ngati omenya akugoletsa. Julayi musalipire mpaka mutayang'ana pamene timu ili pa tebulo. Tsiku lomaliza losinthanitsa osewera limagwa kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwenikweni kwa Ogasiti, ndipo ndilo limaonetsa maganizo a eni timu kuposa mawu awo onse. Akatenga womenya wokhazikika wokhala ndi kontrakiti yopitirira sizoni imeneyo, lipirani Ogasiti ndi Seputembala. Akapereka osewera a timu yaikulu n'kulandira anyamata a m'maligi aang'ono monga mu 2025, siyani akaunti ili yozimitsa, muzitsatira magemu a Skenes pa Gameday, tsamba la MLB loonetsa mmene gemu ikuyendera popanda kanema, ndi pa YouTube, zimene sizifuna khadi ya kubanki.